Mkamwini Wosankha Milalang'amba

A Japhet Bwanali anabadwira kwa Kuntaja mu 1957, m'mudzi womwe lero mulibe munda ngakhale umodzi, muli mapoloti okhaokha. Tinaphunzira limodzi pasukulu ya mishoni, iwo kalasi imodzi patsogolo panga. Sanali anzeru kuposa anzawo. Chomwe anali nacho ndi khalidwe lina lomwe aphunzitsi ankadana nalo poyamba: akafunsidwa chinthu chomwe sakuchidziwa ankangoti sindikudziwa, osayerekeza n'komwe.

Khalidwe lomweli linawasunga zaka makumi atatu ndi zinayi pantchito yoona zanyengo kubwalo la ndege ku Chileka. Ola lililonse ankatuluka panja, kuyang'ana kumwamba, n'kulemba mtundu wa mitambo, kuchuluka kwake, ndi patali pomwe maso akutha kuona. Anthu ambiri sankadziwa kuti ntchito yotere ilipo. Ku Lirangwe, komwe anakwatira, ankangoti amagwira kundege.

Anakwatira mayi Chisoni mu 1985 ndipo analowa chikamwini monga amachitira aliyense kuno. Pamalo a akazi awo anamanga nyumba ya njerwa zowotcha, ya zipinda zitatu. Inawatengera zaka zisanu ndi zinayi chifukwa malata ankagula awiriawiri. Mkati mwa sabata ankagona m'kachipinda ka lendi ku Chileka, Loweruka m'mawa n'kukwera minibasi kudzera pa Kameza ndi pa Lunzu kupita kunyumba. Alamu awo, a Athumani, mchimwene wa mayi Chisoni yemwenso ndi mwini mbumba, anawapatsa dzina loti mkamwini wa Loweruka. A Athumani amagulitsa mbuzi pamsika wa Lirangwe ndipo pakamwa pawo sipatopa. Dzinalo linakakamira ngakhale a Bwanali atapuma pantchito n'kumakhala pamudzipo masiku onse.

Ana anabadwa atatu. Awiri anamwalira ali aang'ono. Anatsala Thoko, mtsikana, yemwe anakhoza masamu mpaka anapeza mwayi wokaphunzira za nyenyezi kuyunivesite ina ku South Africa.

Nkhani yomwe ndikulemba ndi ya nyumba ija, momwe a Bwanali anaitayira akuona. Ndinalipo chifukwa ankhoswe awo enieni anamwalira kalekale ndipo a Bwanali anandipempha ine, mnzawo wa kumpingo, kuti ndiwaimire. Koma nkhaniyi siingamveke ngati sindiyamba ndafotokoza ntchito yomwe ankagwirira mwana wawo.

Tsiku lina ndinawapeza masana dzuwa lili pamutu, atatseka mawindo onse a pabalaza ndi zitenje za akazi awo, atakhala mumdima, maso ali pa laputopu yakale yomwe Thoko anawasiyira. Pagalasipo panali kanthu kofiirira, kozungulira ngati dzira, pakati pa mdima.

"Umenewo ndi mlalang'amba," anatero. "Osati wathu uja timauona m'chilimwe. Wina, wakutali. Nyenyezi zili m'menemo n'zambiri kuposa za wathu, koma zapanikizana pamalo aang'ono."

Anandifotokozera monga momwe Thoko anawafotokozera, pang'onopang'ono, akubwereza pomwe ndasochera. Kalekale, zaka mabiliyoni khumi zapitazo, milalang'amba ina ikuluikulu inapanga nyenyezi zake zonse mofulumira n'kusiya. Yambiri mwa iyo pambuyo pake inameza tinzake ting'onoting'ono tomwe tinali pafupi, n'kufufuma, n'kusintha maonekedwe moti lero sungaizindikire. Koma ilipo yochepa kwambiri yomwe sinakhudzidwe. Ili lero momwe inalili pachiyambi, yothinana, ya nyenyezi zokalamba zokhazokha. Funso la Thoko linali loti yotereyi imapulumukira pamalo otani: pakati pa chigulu chachikulu cha milalang'amba, pa kagulu kakang'ono, kapena kwayokha kopanda mnzake.

"Ndiye inu mukuchitapo chiyani?" ndinafunsa.

"Ndikusankha. Womwe unagundana ndi unzake umatsala ndi zipsera. Kamchira kofuwira cha m'mbali, kapena timizere tozungulira ngati madzi ukaponyamo mwala. Makina amaona, koma amanamizidwa. Ndiye pamafunika maso a anthu angapo kuti aone chithunzi chomwecho. Milu ndi itatu: wakhudzidwa, sunakhudzidwe, sindikudziwa."

Anaseka pang'ono. "Thoko akuti anzake a kuyunivesite mulu wachitatuwu amauopa. Wanga ndi waukulu."

Zithunzizo zinalipo zoposa zikwi zitatu. Ankazitenga pa intaneti pasitolo ina ya zolembera ku Chileka kawiri pamwezi, chifukwa kumudzi netiweki imadukaduka. Sankalipidwa. Sindinganene kuti ankamvetsa masamu ake, ndipo iwonso sananenepo zimenezo. Anali ndi maso ozolowera kusiyanitsa zinthu zofuwira, basi.

Mayi Chisoni anamwalira mu Januwale chaka chatha, atadwala shuga nthawi yaitali. Thoko anabwera kumaliro, anakhala masiku asanu ndi limodzi, n'kubwerera. Pamaliro sipakambidwa za nyumba. Komanso iye ndi amalume ake anasemphana mawu pankhani ya bokosi, moti pochoka sanatsanzikane bwino.

Mu Epulo, chimanga chitayamba kuuma, a Athumani anabwera kunyumba kuja ine ndilipo. Anakhala pakhonde, anavula kapusi, n'kuiika pabondo.

"Alamu, ndabwera ndi nkhani yosakoma, koma wina ayenera kuinena. Tikusudzulani Loweruka lachiwiri la Juni. Abale a ku Zomba ndi a ku Mwanza ndawauza kale."

Kusudzula ndi mwambo womasula munthu woferedwa kuti banja latha. Mwamuna wa chikamwini akasudzulidwa amabwerera kwawo. Nyumba ndi malo zimatsala kwa ana ndi mbumba ya mkazi.

"Ndamva," anatero a Bwanali.

"Musangoti ndamva ngati ndikukuuzani mtengo wa mbuzi. Tamverani bwino. Ine sindikukuthamangitsani. Nyumba ino ndi ya Thoko. Iye akabwera, n'kukhala pamphasa pamaso pa anthu, n'kunena kuti adadi anga azindisungira nyumba, nkhani yatha, mudzafera pompano. Koma akapanda kubwera, ine ndilibe pogwira. Mukudziwa kuti Pempho wabwerako ku banja ndi ana anayi. Akugona kukhitchini kwa mayi ake. Azimayi akundidya tsiku ndi tsiku kuti nyumba ya zipinda zitatu ikugonamo munthu mmodzi, mwamunanso, wobwera."

Pempho ndi mwana wa mng'ono wa mayi Chisoni. Pachibale chathu ndi mchemwali wake wa Thoko.

"Pa foni sangalankhule?" ndinafunsa ine.

"Akulu a mpingo, nyumba saigwira pa foni. Mawa ndidzati ananena, wina adzati sananene. Abwere, anthu amuone." Anatembenukira kwa a Bwanali. "Mumuuze ndinu. Ine mwana wanu uja sandiyankha, akuti ndine wachikale. Mwina poti ndimanunkha mbuzi."

"Ndimuuza," anatero a Bwanali.

Sabata lomwelo, asanamuuze, Thoko anatumiza uthenga wa mawu. A Bwanali anandimvetsera tili pansi pa mtengo wa mango. Mtsikanayo ankalankhula mothamanga, akusekerera.

"Adadi, andipatsa! Masiku anayi pa telesikopu ya kuphiri, kuyambira Lachinayi, sabata yachiwiri ya Juni. Ndinapempha chaka chatha, ambiri awakana. Ndi nthawi yomwe mwezi kulibe, ndiye kumwamba kumada bwino. Ndikayang'ana ija munaiika pa mulu wa sunakhudzidwe, makumi awiri ndi isanu ndi umodzi, ndione ngati nyenyezi zake zilidi zakale zokhazokha. Ndikaphonya pamenepa ndiye mpaka chaka cha mawa, ndipo nthawi yanga ya sukulu ikhala itatha. Ndiye malizani mulu wotsala uja, a bwana osankha, musagone!"

Uthengawo utatha, a Bwanali anaika foni m'thumba la malaya n'kumanga batani.

"Ndi masiku omwewo," ndinatero.

"Ndawerenga."

"Muuzeni. Asankhe yekha."

"Asankha kubwera. Ndikumudziwa. Ndiye zaka zinayi za sukulu yake zipite m'madzi chifukwa cha malata."

"Si malata okha. Mukagona kuti?"



Choyamba a Bwanali anayesa kusuntha tsiku. Anapita kumsika Lachiwiri, tsiku la mbuzi, n'kuwapeza a Athumani akutsutsana ndi munthu wogula. Anadikira mpaka atamaliza.

"Alamu, tsiku lija silingasunthe ndi masabata awiri?"

"Chifukwa?"

"Thoko ali ndi ntchito."

"Tonse tili ndi ntchito. Ineyo mukundiona ndikuvina? Tsikuli ndalisuntha kale kawiri, poyamba chifukwa cha mvula, kachiwiri chifukwa cha maliro a ku Mwanza. Ndikalisunthanso, azimayi aja andisudzula ineyo. Ntchito yake yotani yoposa nyumba ya mayi ake?"

Apa ndi pomwe a Bwanali analakwitsa. Akanafotokoza za telesikopu ndi mwezi, mwina a Athumani akanaseka, kenako n'kuganiza. Koma a Bwanali ankadziwa momwe nkhaniyo ikanamvekera pamsika: mwana wakana kubwera kumwambo wa mayi ake chifukwa akuyang'ana nyenyezi. Dzina la Thoko likanaipa m'mudzi monse. Anangoti, "Chabwino, ndamva," n'kubwerera.

Kenako anapita kwawo kwa Kuntaja, komwe anali asanapondeko zaka zisanu ndi ziwiri chimwalirireni mlongo wawo. Ndinawaperekeza. Tinatsika pa Chileka n'kukwera njinga zamoto. Pomwe panali munda wa mayi awo tinapeza mipanda ya njerwa itatu, wina uli ndi geti lachitsulo lobiriwira ndi galu mkati. Ana a mlongo wawo anagulitsa malowo kwa anthu ogwira ntchito kubwalo la ndege ndi m'tauni, n'kusamukira ku Ndirande. A Bwanali anayenda m'mbali mwa mipandayo kufuna mtengo wa mthethe womwe unali malire. Anapeza chitsa. Mayi wina anasuzumira pageti.

"Mukufuna ndani, agogo?"

"Palibe, mayi. Tinkangodutsa."

"Ngati ndi poloti, atha. Otsala ali kuseri kwa mtsinje, koma n'kodula."

Pobwerera tinakwera minibasi mpaka pa Lunzu. Pamenepo anati, "Kulibe kwathu." Ananena mopanda kudandaula, ngati momwe ankalembera za mitambo.

Kumayambiriro kwa Meyi a Athumani anawafunsa ngati amuuza Thoko. A Bwanali anati amuuza, ndipo akubwera. Pazaka zonse zomwe ndawadziwa, limeneli ndi bodza loyamba lomwe ndinawamva akunena. Madzulo ake sanadye. Lamulungu lotsatira sanalandire mgonero.

Ndinawakakamiza katatu. Kachitatu ndinawauza kuti nambala ya Thoko ndili nayo ndipo ndimuimbira ndekha. Anandigwira dzanja mwamphamvu moti ndinamva kuwawa.

"Mukatero musadzapondenso pakhomo panga, ngati ndidzakhale ndi khomo. Mayi ake anagulitsa mandasi zaka khumi kuti mwanayu afike pomwe wafika. Ine ndimuitane adzandipemphere pogona? Kwa anthu omwe ndawadyetsa zaka makumi anayi?"

Sindinaimbe. Ena amati ndinalakwa, ndipo sindiwatsutsa.

Masabata otsalawo anawathera pa zithunzi. Zinatsala mazana anayi. Ankayamba m'mawa akangomwa tiyi, mawindo otseka, mpaka batire itatha, n'kuitchaja pa sola, n'kuyambiranso. Maso anafiira. Chimanga chawo anakolola mochedwa, china chiswe chitayamba kale. Tsiku lina ndinawafunsa ngati yankho la funso la Thoko layamba kuoneka.

"Iye akuti likuoneka, koma asanayang'ane pa telesikopu sanganene. Yambiri yosakhudzidwa ikupezeka pakati pa zigulu zikuluzikulu. Kumeneko milalang'amba imathamanga kwambiri, imangodutsana, ilibe nthawi yogwirana. Ina yochepa ili kwayokhayokha, kopanda woikhudza. Pa timagulu ting'onoting'ono ndiye pamavuta. Imayenda pang'onopang'ono, moyandikana, mpaka wina ameze mnzake."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kanthu, koma anandidula.

"Musayambe ulaliki, a Wilkins. Ndi nyenyezi zimenezo. Sizikudziwa za Lirangwe."

Mulu womaliza anautumiza Lolemba la sabata ya mwambo. Anakwera minibasi kupita ku Chileka, anakhala musitolo muja mpaka uthenga unaonetsa kuti wafika, kenako anazungulira m'makwalala kufunsa za chipinda cha lendi. Anachipeza kuseri kwa chigayo, chitseko chake cha malata.

Loweruka anthu anasonkhana pabwalo la nyumba cha m'ma naini. Analipo pafupifupi makumi atatu, azimayi pamphasa kumanzere, azibambo pamipando ndi pa njerwa. Pempho anakhala kumbuyo, mwana wamng'ono ali pamiyendo, osakweza maso. A Bwanali anavala jekete yawo ya kumpingo. Ine ndinakhala pambali pawo.

A Athumani anachedwetsa mwambo dala. Ankayang'ana kumsewu. Anauza anthu nkhani ya mbuzi yomwe inathawa ndi chingwe mpaka pa Mdeka, anthu n'kuseka. Itakwana leveni, mayi ake a Pempho analankhula.

"Achimwene, anthu a ku Mwanza akufuna kubwerera lero. Mwana wa ndege uja ali kuti?"

A Athumani anatembenuka. "Alamu, watsikira ku Chileka kapena ku Lilongwe? Tiuzeni, mwina titumize njinga."

A Bwanali anaimirira, anagwira kumbuyo kwa mpando.

"Sakubwera. Sindinamuuze. Ndinakunamizani, alamu, ndipo ndapepesa pamaso pa anthu onsewa."

Azimayi anayamba kulankhula onse pamodzi. A Athumani anakweza dzanja.

"Simunamuuze? Miyezi iwiri? Inu a Bwanali, munthu wa sukulu, mukudziwa chomwe mwachita? Mwadzimangirira nokha ngati mbuzi yopita kumsika!"

"Ndikudziwa."

"Chifukwa chiyani?"

"Ali pa ntchito yomwe siingasunthe. Yatsala masiku awiri."

A Athumani anapukuta nkhope ndi kapusi. Anayang'ana azimayi, anayang'ana nyumba, kenako anati, "Ine ndinanena kuti nyumba saigwira pa foni. Lero ndidya mawu anga. Muimbireni pompano, muike pokweza, anthu onsewa amve. Anene mawu awiri okha."

"Zimenezo si zomwe tinagwirizana," anatero mayi ake a Pempho.

"Chemwali, khalani chete pang'ono. Imbani, alamu."

A Bwanali anatulutsa foni. Anaphonya dzina kawiri. Inaitana nthawi yaitali. Kenako mawu a Thoko anamveka pabwalo ponse, a munthu wodzutsidwa kutulo.

"Adadi? Mwandidzutsa, ndagona sikisi m'mawa. Koma mwachita bwino, ndimafuna ndikuimbireni! Tayang'ana khumi ndi iwiri. Isanu ndi inayi ndi yakale yeniyeni, adadi, nyenyezi zatsopano mulibemo. Isanu ndi iwiri mwa imeneyo ili m'kati mwa zigulu zikuluzikulu, monga tinkaganizira. Maso anu aja sananame. Aphunzitsi anga akufunsa kuti kodi J. Bwanali ameneyu ali kuyunivesite iti. Ndawauza kuti ya Lirangwe!" Anaseka. "Kunja kukuzizira koopsa, koma kulibe mtambo ngakhale umodzi. Akuti mawa kukhalanso chimodzimodzi. Yatsala khumi ndi inayi. Mundipempherere mphepo isabwere. Kodi kuli phokoso kumeneko, muli kuti?"

Anthu onse ankayang'ana a Bwanali. Ine ndinawagwira jekete n'kunong'ona kuti nenani.

"Tili kunyumba, mwana wanga," anatero. "Kwabwera alendo. Tikutonola chimanga."

"Thoko!" anafuula a Athumani, akudzuka pampando. "Ndi amalume ako, tamvera..."

A Bwanali anadula foni, n'kuizimitsiratu.

"Ipatseni kuno!" anatero a Athumani. "Akulu a mpingo, nambala muli nayo, imbani inuyo!"

Ndisanayankhe, a Bwanali anagwada pafumbi, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, jekete ya kumpingo ili m'thupi. Azimayi ena anatembenuza nkhope.

"Alamu, ndikupempha. Akangomva, atsika phiri lero lomwe. Sadzamva zoti mawu awiri akwanira, adzafuna kubwera. Ndimamudziwa. Ndisudzuleni, anthu apite kwawo. Sindidzakudandaulani kwa munthu aliyense."

"Dzukani, mukutichititsa manyazi."

"Ndidzuka mukavomera."

A Athumani analavula pansi n'kunena motsitsa mawu, "Mlongo wanga anakwatiwa ndi mwala." Kenako anauza azimayi kuti abweretse mbale.

Mwambowo sunatenge nthawi. Anaika kandalama kachitsulo m'mbale, monga amachitira kumeneko, n'kundipatsa ine ngati nkhoswe, ine n'kupereka kwa a Bwanali. Mayi wachikulire wa ku Zomba ananena kuti a Bwanali anasunga bwino mwana wawo, alibe nawo mlandu, ndipo kuyambira lero ndi mfulu. Anagwirizana kuti Pempho alowe m'nyumbamo kumapeto kwa mwezi kuti aziisamala. A Bwanali analoledwa kutenga zovala, njinga, bedi limodzi, mabuku, ndi matumba anayi a chimanga.

Anasamuka pa 29 Juni pa kagalimoto ka matola. A Athumani anathandiza kukweza bedi ndipo sananene nthabwala ngakhale imodzi. Ana a Pempho anali ataima pakhonde ndi mitolo yawo, kudikira kuti galimoto inyamuke.

Thoko anamva nkhaniyi mu Julayi, kwa mnzake wa kusekondale yemwe anamulembera kuti pepa ndi za adadi ako. Anatera ku Chileka sabata yotsatira. Kuchokera pabwalo la ndege kufika kuseri kwa chigayo ndi mtunda woyenda pansi, ndipo anayendadi pansi, akukoka chikwama. Ndinali m'chipindamo pomwe analowa. Anayang'ana bedi, matumba a chimanga pakona, mbaula, ndi fumbi la ufa lomwe limalowa pansi pa chitseko chigayo chikamalira.

"Adadi, munandiuza kuti mukutonola chimanga."

"Ndinatero."

"Ine ndikuseka pa foni, inu akukuchotsani m'nyumba? Pamaso pa anthu? Mwandisandutsa chiyani? Ndani anakuuzani kuti musankhe m'malo mwanga?"

"Unamaliza yotsala ija?"

"Musandifunse zimenezo!"

"Unamaliza?"

Thoko anakhala pa thumba la chimanga n'kuphimba nkhope. Osakweza mutu anati, "Ndinamaliza." Kenako anadzuka. "Tiyeni ku Lirangwe. Panopa. Nyumba ija ndi yanga, ndikanena."

A Bwanali anakana kupita. Anati munthu wosudzulidwa sabwerera kukaima pabwalo ngati waiwala chipewa. Ndinapita ndine.

Tinafika cha m'ma thili. A Athumani anabwera kuchokera kumsika atamva kuti mwana wafika, ndipo azimayi anasonkhana osaitanidwa. Pachingwe panali zovala za ana. M'chipinda chomwe chinali cha Thoko munali mphasa ziwiri ndi mayunifolomu atapachikidwa pamsomali. Pempho anatuluka kukhitchini manja ali ndi madzi, anagwada patali, n'kunena kuti takulandirani achemwali. Mwana wake wachiwiri, wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi, anali atagona pakhonde atafunda chitenje, akunjenjemera ndi malungo.

"Nyumba ndi yako, mphwanga," anatero a Athumani. "Palibe wakulanda. Anthu ndi awa, mphasa ndi iyi. Ukanena kuti adadi ako abwerere, Pempho atuluka lero, abwerere kukhitchini kwa mayi ake. Nena."

Pempho sanadzuke pomwe anagwada. Thoko anayang'ana mwana wodwala uja, anayang'ana zovala pachingwe. Tinadikira. Mwana wamkulu wa Pempho anatuluka m'nyumba atanyamula kale mtolo wa mabulangete, n'kuima pakhomo kuyembekeza kuti auzidwe kopita.

"Bweza zimenezo mkati," anatero Thoko kwa mwanayo. Mawu ake sankamveka bwino. "Mwanayu mwapita naye kuchipatala?"

"Mawa, achemwali," anatero Pempho.

"Mupite naye lero."

Tinakwera minibasi ya kumadzulo. Pa Kameza Thoko anandifunsa kuti akawauze chiyani adadi ake, ndipo ndinamuuza kuti akawauze zomwe zachitika.

A Bwanali akukhalabe kuseri kwa chigayo. Chifuwa chinawayamba m'nyengo yozizira chifukwa cha fumbi la ufa ndipo sichinathe. Thoko akufuna kuwapezera chipinda china, koma iwo akuti adikire kaye amalize sukulu. Ku Lirangwe sanapiteko chichokereni, ngakhale kumanda kwa akazi awo. Mwezi watha a Athumani anawatumizira mwendo wa mbuzi kudzera mwa kondakitala wa minibasi. A Bwanali anaulandira, anathokoza kondakitalayo, n'kugawira mayi wa chipinda choyandikana nawo chifukwa analibe poika.